Nthungululu Imene Anaisesa

Ku Kakumbi aliyense amawadziwa a Josiah Chulu, ngakhale palibe chachikulu chimene anachitapo. Sanakhalepo mkulu wa mpingo, sanaphepo nyalugwe, ndipo ntchito ya ku loji anaigwira chilimwe chimodzi chokha, yothirira kapinga, n'kuisiya ati sangamataye madzi pa udzu umene ngakhale mbuzi siiloledwa kudya. Moyo wawo wonse wathera pa munda umodzi kufupi ndi malire a paki, kumene munthu amalima akudziwa kuti gawo lina ndi lake, lina la njovu, lina la anyani. Chaka ndi chaka amamanga mpanda wa nsanza zopaka tsabola ndi oyilo wakuda. Njovu zina zikanunkhiza zimabwerera, zina zimangodutsa ngati zikulowa kwa amalume awo. Nkhope ya a Josiah ndi ya munthu amene anasiya kalekale kudabwa.

Chimene amadziwika nacho ndi kaseti imodzi.

Nkhani yake inayamba ali mnyamata, m'chaka chimene iwo amangochitchula kuti sevente-sikisi. Kunamveka kuti ku Chipata kukubwera Ana a Njanji, gulu la anyamata a ku migodi, atsitsi lanyankhalala ndi mathalauza otambalala kumapazi, oliza magitala amagetsi mpaka abusa ankawatchula pa guwa. Josiah anakwera lole ya thonje yochokera ku Msoro. Pa lole yomweyo panakweranso Tabeth, mtsikana amene ankamufunsira, atanamiza makolo kuti akukazonda azakhali odwala. Azakhaliwo anali bwinobwino, ndipo anakhala ndi moyo mpaka kuona ana a Tabeth yemweyo akukwatiwa.

M'holo imene gululo linkaimbira munali anthu a wailesi ndi makina awo ojambulira mawu. Tabeth anali asanaonepo gitala yamagetsi. Zimene ankadziwa ndi magule a kwawo, kumene ng'oma ikaleka ndiye kuti gule watha, akazi n'kuimba nthungululu yothokoza. Ndiye m'nyimbo ina, yotchedwa "Lole Yomaliza", anyamata aja anali ndi chizolowezi choimitsa zonse pakatikati, gitala zii, ng'oma zii, kuti anthu mitima ikhale m'mwamba, kenako n'kuyambiranso mwaukali. A m'tauni ankazidziwa zimenezi, choncho anangokhala chete kudikira. Tabeth anayesa nyimbo yatha. Anaika dzanja pakamwa n'kuimasula nthungululu ya kuchigwa, yaitali, yakuthwa, yokhayokha m'holo monse. Anthu anaseka chikhakhali. Woimba ng'oma, m'malo moti ayambe pa nthawi yake, anagwetsa mutu pa ng'oma akuseka, n'kudikira mpaka mtsikana wa kumudziyo atamaliza. Tabeth anafunda chitenje kumutu ndipo sanachivule mpaka pa msewu.

Patapita zaka zingapo, atakwatirana kale, wailesi inaulutsanso dansi ya tsikulo, ndipo mphunzitsi wina wa ku Msoro anaijambula pa kaseti. A Josiah atamva, anapalasa njinga n'kukaisintha ndi tambala wofiira. Kaseti imeneyo inagwira ntchito kuposa khasu. Inalira pa maukwati, pa Khrisimasi, pamowa, ngakhale pa nsanja yolondera m'munda, kumene a Josiah ankaiyesa kuti mwina ithamangitsa njovu. Njovu zinaizolowera msanga. Mabatire akatha ankawayanika padzuwa kuti apezeko mphamvu, tepi ikatafunidwa ankaikulunga ndi bolopeni, ikaduka ankailumikiza ndi utoto wopaka m'zikhadabo. Nyimbo zinanka zifupikirafupikira, koma pamene panali nthungululu ankapasamala ngati diso.

Pakafika pamenepo, a Tabeth ankanyamuka n'kuthawira kukhitchini, akudandaula kuti munthu wamkulu ngati iwo akuchititsidwa manyazi pamaso pa akamwini. A Josiah ankangokweza wailesi. Ankakonda kunena kuti akazi ena amadziwika pa chitsime pokha, koma wawo anamveka dziko lonse. Anatero kwa zaka zambirimbiri, ndipo sizinawakwane.

A Tabeth anamwalira m'nyengo ya dzinja, atadwala chifuwa masabata ochepa. Mafoni anali atafika kale m'mudzi, ana ankajambula chilichonse, ngakhale mbuzi ikudya chimanga, koma palibe anaganizapo zojambula mayi wokalamba akulankhula. Munthu amene umamumva tsiku lililonse suganiza zomusunga. Choncho mawu a Tabeth anatsala pamalo amodzi okha padziko, pa kaseti ija. A Josiah anasiya kumvera nyimbo zinazo. Ankangobweza pomwepo, kumvera, kubwezanso. Kutentha kwa Okutobala kunaifewetsa tepiyo, wailesi n'kuimeza. A Teddy, mnzawo wokonza njinga ndi mawailesi, anatsegula n'kuona tepi itamatirira ngati chingamu, ndipo anangopukusa mutu.

Choopsa chinabwera pang'onopang'ono. Nkhope ya mkazi wawo a Josiah sanaiiwale, chifukwa mwana wawo Peggy, amene amachapa ndi kusita zovala ku loji, anaitenga yonse. Koma mawu anayamba kuwathawa. Akafuna kuwamva a Tabeth m'mutu, akuwaitanira chakudya kapena akuwakalipira za matope pakhonde, ankamva mawu awo eni akunena zimenezo. Zinawachititsa mantha ndi manyazi, ndipo sanauze aliyense. Munthu ungauze ndani kuti waiwala mawu a mkazi amene unakhala naye moyo wonse?

Tsiku lina Peggy anabwera kuchokera kuntchito n'kuwapeza akumanga nsanza pa mpanda. Atawalonjera, anawauza kuti popereka nsalu za patebulo ku bala ya loji anamva mlendo wina akuliza Ana a Njanji pa foni. Atafunsa, anamva kuti awiri a gululo akadali moyo, nkhalamba tsopano, ndipo anapeza matepi akale m'bokosi. Matepiwo anatumizidwa kunja, akatswiri anawatsuka bwinobwino, ndipo tsopano dziko lonse likumvera.

"Na ya ku Chipata ilipo?" anafunsa a Josiah, osatembenuka.

"Ilipo, Atata. Yonse, kuyambira poyamba mpaka pothera."

Nsanza inawagwa m'manja. Peggy anafuna kuimvera kaye yekha kuti adzawauze, koma iwo anakana, ati kandimverere anakanena za m'maluwa. Anagwirizana kuti adikire Lamlungu, tsiku lake lopuma. Sabata imeneyo njovu zinathyola mpanda n'kudya ngodya yonse ya munda, ndipo anansi anadabwa kuona a Josiah akungoyang'ana mapesi osatukwana n'komwe.

Lamlungu, anthu atatuluka m'tchalitchi, a Josiah anameta ndevu n'kuvala jekete ngakhale dzuwa linali loswa mtengo. Mbiri inali itayenda, choncho pansi pa mango wa a Teddy panasonkhana onse otsala amene anavinapo kaseti ija. Panali amayi angapo a imvi, panalinso a Hillary, amene anagwira ntchito yolondera nyama m'paki mpaka maondo anawakana. A Teddy analumikiza foni ya Peggy ku sipika yawo yaikulu, Peggy n'kudina.

Nyimbo yoyamba isanafike patali, mkangano unabuka. A Teddy anati awa si Ana a Njanji, awa ndi ana amasiku ano akungoyerekeza, chifukwa Ana a Njanji sankathamanga chonchi ngati akuthawa ngongole. Ena anavomereza kuti mawu a woimbayo ndi aang'ono, pamene iwo amamudziwa ndi mawu amanzenene, a munthu wamkulu. A Hillary anati ndi zimene zimachitika ukapereka chinthu chako kwa anthu akunja. Peggy anaseka mpaka misozi, n'kuwakumbutsa za mabatire oyanika padzuwa aja. Moyo wawo wonse anavina nyimbo zokokedwa ndi wailesi yotopa, ndipo liwiro lenileni linali lomweli. Nkhalambazo sizinakondwe kumva kuti zakhala zikuvina molakwika. A Hillary anaimirira kuti aonetse kuti liwiro lililonse angalithe, anagwedeza chiuno kawiri, n'kukhalanso pansi atagwira bondo. A Teddy anawauza kuti tsabola wakale sawawa. Mayi wina anangoti duu, akumvetsera gitala yaikulu ya mawu apansi, imene kawailesi kawo sikanaitulutsepo, ndipo anati sankadziwa kuti anyamatawo analipo anayi.

A Josiah sanalowerere. Anakhala pa mpando wa njinga yophwasula, manja pa maondo, akudikira "Lole Yomaliza".

Itayamba, aliyense anatseka pakamwa, chifukwa panalibe amene sankadziwa chimene mkuluyo wavalira jekete. Nyimbo inamveka bwino zedi, mpaka zala za woimba zikukhudza nsambo. Inakwera, inakwera, kenako gitala zii, ng'oma zii. A Josiah anaweramira kutsogolo.

Panalibe kanthu. Panalibe nthungululu, panalibe kuseka kwa anthu, ngakhale kuphwephwetera kwa tepi yakale kunalibe. Panali chete woyera, wautali, mpaka nkhuku ya a Teddy inamveka ikupalasa kuseri kwa shedi. Kenako ng'oma zinayambiranso.

A Josiah anapempha kuti abweze. Peggy anabweza. Anapemphanso, ati mwina sipika ya a Teddy ndi yogontha mbali imodzi, ndipo anatenga foniyo n'kuigunditsa kukhutu. Zinali chimodzimodzi. Peggy anayang'ana zimene otsuka matepi analemba pansi pa nyimboyo, n'kuwafotokozera motsitsa mawu kuti anachotsa phokoso lonse la m'holo, la anthu ndi la makina, kuti oimbawo amveke okha.

"Phokoso," anatero a Josiah.

Pofuna kudzaza chetelo, Peggy anayamba kuwerenga zimene okonda gululi a ku Lusaka ndi a maiko akutali analemba, akumasulira. Ambiri ankayamikira kuti tsopano akumva chilichonse. Wina analemba kuti analira. Wina, wa dziko lozizira, analemba zambirimbiri za chete wa pakati pa "Lole Yomaliza". Ati kulikonse kumene gululi linaimba nyimboyi linkangoima pang'ono, koma ku Chipata linaima nthawi yaitali modabwitsa, ndipo apa m'pamene pakuonekera luso lawo lozama. Ena ambiri anamuvomereza. A Teddy anatsokomola n'kuyang'ana kumbali. Pansi pa mango uja aliyense ankadziwa kuti luso lozamalo linali mnyamata amene wagwetsa mutu pa ng'oma, akuseka mtsikana wa ku Kakumbi.

"Asesa bwino," anatero a Josiah, akubweza foni. "Ni anthu odziwa nchito yawo."

Sananene mwaukali. Ukali umafuna mphamvu, ndipo iwo analibe. Peggy anagwada pafupi nawo n'kuwauza kuti akafuna, abwezanso nyimboyo, ndipo pakafika pamenepo iye aimba nthungululu, poti anthu amati amafanana ndi amayi ake. A Josiah anatembenukira kwa iye.

"Ungaimbe, mwana wanga. Koma ine sininganene ngati wafananiza olo iyai. Ninaiwala."

Aka kanali koyamba kunena zimenezi pamaso pa munthu. A Hillary anavula chipewa n'kumachiyang'ana m'kati, ndipo anthu anayamba kubalalika mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira mbuzi zake.

Peggy sanagonje msanga. Analemba pansi pa nyimboyo kuti pa chete ameneyo panali mawu a amayi ake, n'kufunsa ngati tepi yosatsuka ikadalipo. Munthu wina wosamudziwa anayankha ndi kachithunzi ka mtima. Kwa eni ake sikunabwere kanthu, ndipo mpaka lero sikunabwere.

Koma patapita masiku, a Josiah anamupempha kuti awaikire nyimbo imodzi yokhayo pa kakhadi kolowetsa m'kawailesi kawo katsopano, kotchajira dzuwa. Peggy anadabwa, koma anaika. Masiku ano ukadutsa pa munda wawo masana uwapeza ali pa mpanda ndi chidebe cha tsabola, kawailesi katapachikidwa pa mtengo. Nyimbo ikalira iwo samaimba nawo, samagwedeza n'komwe mutu. Ikafika pamene zonse zimaima, manja awo amaimanso, ndipo a ku Kakumbi anaphunzira kuti pamenepo sulonjera, umadikira. Nthungululuyo saimva. Sananamepo kuti amaimva.

Tsiku lina Peggy, atawabweretsera madzi akumwa, anawafunsa chimene amamvera pamalo opanda kanthu. Anafunsa pa nthawi yolakwika, ng'oma zitangoleka, ndipo bambo ake anakweza dzanja kuti akhale chete. Anadikira mpaka nyimbo itayambiranso.

"Mawu anasesa," anatero, "koma uyu wang'oma akali kuyembekeza kuti amako atsirize."

Anatola nsanza ina, anaiviika mu tsabola, n'kuimanga pa waya.