Mlendo Amene Anadula Mawu a Amayi

Ndikukumbukira fungo la mafuta onunkhira a munthu ameneyo kuposa mawu ake. Mpaka lero, wina akakhala pafupi nane m'minibasi atadzola mafuta amtundu womwewo, mtima umandipsa ngati zachitika dzulo. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo amayi anali atangomwalira kumene.

Maso anga anatsekeka ndili wamng'ono, chikuku chitandigwira. Bambo ankasamalira maluwa ndi kapinga panyumba ina ku Area 12, ndipo tinkakhala kuseri, m'kanyumba ka antchito. Nditafika msinkhu ananditumiza kusukulu yogonera komweko ya ana osaona, kutali ndi Lilongwe. Amayi atayamba kudwala, akuluakulu anapangana kuti asandiuze, ati ndingasokonezeke pamaphunziro. Anabwera kudzanditenga tsiku loika maliro. Palibe anandifunsa ngati ndinkafuna mayeso kapena amayi anga, ndipo onse ankati anandichitira chifundo.

Chimene chinanditsalira chinali m'foni ya azakhali anga aNaphiri. Masiku omaliza a amayi, azimayi a kutchalitchi anabwera kudzawaimbira. Azakhali anaika foni pamphasa pafupi ndi mutu wa odwalawo, n'kuwauza kuti akujambula kuti ine Tiyamike ndidzamve ndikabwera ku holide. Maliro atatha anandimvetsera. Munali nyimbo, pemphero lalitali, ameni, kenako mipando ikukhulula anthu akutuluka kuperekezana. Zikafika pamenepo azakhali ankazimitsa n'kunena kuti zatha, kwatsalako ndi mphepo chabe poti anaiwala foni ikujambulabe.

Bambo sanafune kuti ndizingokhala m'kanyumba muja ndikulira. Anamva za a Saidi, bambo wosaona amene ankaphunzitsa ana onga ine kompyuta ku Old Town, ndipo anayamba kundiperekeza kumeneko m'mawa uliwonse. Kachipinda kawo kanali kuseri kwa shopu ya telala ya mchimwene wawo, pafupi ndi msika. Tinkaphunzira makina osokera akulira kuseri kwa khoma, onyamula katundu akukuwa panja, ndipo nthawi ya swala ikakwana a Saidi ankatisiya n'kupita kumzikiti ndodo yawo ili gogogo. Iwo ankadya za kukonza mawu ojambula: maulaliki, nyimbo za makwaya, zolankhula za pa ukwati.

Masikirini a makompyuta athu ankakhala ozimitsa, poti panalibe wowayang'ana. Mausi inali imodzi, ndipo inkakhala m'dirowa pamodzi ndi mabatani akale a malaya. Chilichonse tinkachita ndi kiyibodi. M'kompyutamo munali mawu olankhulira m'mphuno amene ankatiwerengera zonse zimene tadina, ndipo ife tinkawatcha Mzungu. Ukadina batani lalitali la pansi mawu ankayamba, ukadinanso ankaima. Mabatani a mivi ankakupititsa kutsogolo kapena kumbuyo. Ukafuna kuchotsa chifuwa cha mlaliki, unkaika chizindikiro poyambira, china pothera, n'kumvetsera kachigawo kameneko kokha, kenako n'kudula. A Saidi anali munthu wanthabwala, koma pa lamulo limodzi sankaseka.

"Khutu liyambe, chala chitsatire," ankatero. "Usadule chimene sunamve."

Nditazolowera pang'ono ndinapempha kuti ndikonze nyimbo za amayi zija. Azakhali anabweretsa foni, a Saidi n'kukopera zonse m'kompyuta imene ndinkagwiritsa ntchito. Sipanapite masiku, foni ija anawabera azakhali kudepoti. Choncho mawu aja anatsala malo amodzi okha padziko lonse, m'kompyuta yakale kuseri kwa telala. A Saidi anati tikamaliza kukonza tidzaika pa sidi.

Tsiku lina masana ndinali kumvetsera ndi mahedifoni. Ameni atadutsa sindinaimitse, chifukwa manja anali kumaso ndikupukuta misozi. Mipando inakhulula, mawu a anthu anapita kutali, chitseko chinatsekeka. Kunatsala kusokosa kwa mphepo kuja. Koma pansi pa mphepoyo ndinamva munthu akupuma, ndipo kupuma kumeneko ndinkakudziwa. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinakweza voliyumu mpaka makutu kuwawa, ndipo ndinamva dzina langa.

"Tiya. Tiya, ukundimva? Ati kameneka kakujambula."

Kenako anaseka pang'ono. Amayi anatsala okha m'chipinda ndi foni ija, ndipo analankhula nane. Panalibe munthu wina aliyense amene anamva.

Ndinakuwa mpaka telala anaimitsa makina. A Saidi anavala mahedifoni n'kumvetsera. Atavula anandifotokozera kuti ntchito imeneyi siyofuna phuma. Ukakweza mawu onse nthawi imodzi, mphepo nayo imakwera n'kuwakwirira. Tinayenera kutenga kachigawo kakang'ono, kukakweza pang'ono, kuchepetsa kusokosa, kumvetsera, n'kupita pa kena. Makutu akatopa amayamba kunama, ndiye ankandiletsa kupitiriza ngakhale ndichonderere.

Pang'ono ndi pang'ono amayi anayamba kutuluka m'mphepo muja. Sananene zazikulu. Anafunsa ngati kusukulu amandipesa tsitsi, kapena ndimathawabe chipeso. Anati juzi langa lofiira lili pansi pa sutikesi, ndisalole azakhali alipereke kwa ana awo. Ndinkaseka ndikulira. Koma chimene chinatsala chinali chachitali kuposa chimene ndinamva, ndipo mawu ankanka natsika poti odwalawo ankatopa. Ndinkamva kuti akulankhulabe, koma mawu ake ndinali ndisanawatole. Ndinkagona ndikuganiza za mawa.

Ndiye kunabwera alendo. Anali a bungwe lina la ku City Centre limene linapereka ena mwa makompyuta athu. Dzulo lake a Saidi anatikonzekeretsa. Tivale bwino, timwetulire, tiyankhe pokhapokha atatifunsa, ndipo chilichonse chimene angatichitire tinene zikomo. Sanali oyamba kutiuza zimenezo. Mwana wosaona amaphunzira zikomo asanaphunzire kumanga nsapato. Wina akakukoka dzanja kukuwolotsa msewu umene sumafuna kuwoloka, zikomo. Wina akayankha funso limene afunsa iwe, zikomo.

Anafika m'mawa dzuwa litakwera. Kachipinda kanadzaza nsapato zolira ndi Chingerezi. A Saidi anaitanidwa panja kuti akajambulidwe chithunzi pakhomo ndi ena mwa alendowo. Ine ndinali pa ntchito yanga. Ndinangomva fungo lija kumbuyo kwanga, kenako dzanja linachotsa hedifoni kukhutu kwanga. Dzina la bamboyo ndikulidziwa bwino, koma sindilipatsa malo pano. Anandilankhula mokweza, mawu amodziamodzi, ngati makutu nawo anafa. Anafunsa chimene ndikuchita. Ndinati ndikukonza mawu a amayi anga amene anamwalira. Anati zabwino kwambiri, ndipo ndinadziwa kuti sanamve.

Chimene chinamukhudza chinali sikirini yozimitsa. Anaseka, anauza anzake kuti ana awa akugwira ntchito mumdima, ndipo anayatsa. Anafunsa mausi. Wina anatsegula dirowa, mabatani a malaya anagwa pansi. Kenako anagwira manja anga onse awiri, anawachotsa pa kiyibodi, n'kuwaika pamiyendo panga monga umachitira ndi mwana wofuna kugwira moto.

"Njira yakoyi ndi yaitali, mwana wanga. Ine izi ndimazidziwa, ndimakonza za kutchalitchi kwathu."

Anayamba kufotokozera anzake zimene ankaona. Ati pamene pali nyimbo pakuoneka ngati mapiri, koma kumapeto kuli mzere wautali wongoti see. Apa ponsepa palibe kanthu, anatero, zikungodya malo. Ndinati, "Bwana, pamenepo pali..." koma ndinanena motsitsa, mwaulemu, monga anandiphunzitsira. Mayi wina wa m'gulumo anandisisita paphewa n'kundiuza kuti ndidikire, akundithandiza. Mahedifoni anali pakhosi panga, ndipo ndinamva Mzungu akunena mawu amene ndinkawadziwa bwino. Wadula. Wasunga. Watseka.

Anthu anaomba m'manja. Bamboyo anati ntchito imene ikananditengera sabata waichita pa kamphindi. Mayi uja anandifunsa ngati sindinena zikomo. Ndipo ndinanena. Pakamwa panga panatuluka zikomo bwana, momveka bwino, moti wina anati mwanayu ndi waulemu. Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Wathuyu anabwera nakodi, ndipo anameta mutu umene sanauone.

Galimoto zawo zitachoka ndinatsegula mawu aja n'kupita kumapeto. Ameni, mipando, basi. Ndinadina muvi wopita kutsogolo, Mzungu n'kundiuza kuti ndafika pothera. A Saidi anandisuntha n'kukhala pampando wanga. Anayesa kubweza zimene zinadulidwa, koma pulogalamu ikasunga n'kutsekedwa siikumbukiranso. Anayesa njira zonse zimene ankadziwa, swala ya masana inawadutsa ali pomwepo. Mawa lake anatengera kompyuta kwa anyamata okonza pafupi ndi msika, ndipo anabwerako chimanjamanja.

Anandikhazika pansi n'kupepesa. Anati anayenera kusunga mawu aja pawiri kuyambira tsiku loyamba, ndipo cholakwa chimenecho n'chawo. Ndinawakwiyira nawonso, koma mwa anthu onse a m'nkhaniyi ndi iwo okha amene ananena pepani. Kenako anandifunsa modekha.

"Mwananga, iwe unkadziwa kuti pamenepo pali amayi ako. Bwanji sunakuwe?"

"Munatiuza kuti tikhale chete, aphunzitsi."

Makina a telala ankalira kuseri kwa khoma. A Saidi anadzuka, anapita kwa mchimwene wawo, anabwereka sizasi yaikulu yodulira nsalu, ndipo tonse tinamva chingwe cha mausi chikuduka. Anatiuza kuti kuyambira tsiku limenelo lamulo lasintha. Munthu aliyense akagwira kiyibodi yako kapena dzanja lako osakufunsa, kuwa. Kaya ndi bwana, kaya ndi m'busa, kaya ndi shehe, kaya ndi amene anagula kompyutayo. Ngati alendo akwiya n'kutenga makompyuta awo, atenge.

Kunyumba kunalibe wondimvetsa. Bambo, amene moyo wawo wonse anaugwira poyankha kuti inde bwana, anati munthuyo ankafuna kundithandiza. Azakhali anati ndithokoze kuti nyimbo zatsala. Ndinamva kuti chithunzi cha tsiku limenelo chinatuluka m'kabuku ka bungwelo, bamboyo atawerama pa kompyuta, ine ndili pambali manja ali pamiyendo. Ati chinaoneka bwino. Bamboyo sanadziwe chimene anachita, ndipo ndikukhulupirira kuti mpaka lero amafotokoza momwe anathandizira kamtsikana kosaona ku Old Town.

Lero ndimadya za ntchito yomweyo. Ndimakonza mapulogalamu a pa wailesi ndi mabuku owerengedwa mokweza, zonse ndi kiyibodi, sikirini ili chizimire. Chilichonse chimene chalowa m'kompyuta yanga ndimachisunga malo angapo ndisanachikhudze. Loweruka ndimaphunzitsa ana osaona, monga ankachitira a Saidi, amene anatisiya zaka zapitazo. Tsiku loyamba sitikhudza batani lililonse. Ndimaima kumbuyo kwa mwana aliyense, ndimamugwira dzanja osamufunsa, ndipo sitipita patsogolo mpaka atandikalipira kuti chotsani dzanja lanu, mokweza moti a panja amve. Makolo ena amadandaula kuti ndikuwaphunzitsa mwano. Ndimawauza kuti inde.

Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti thandizo losayamba ndi funso limathandiza wothandizayo. Munthu uja anakhulupirira maso ake kuposa pakamwa panga, ndipo aliyense m'chipinda muja anaona kuti n'zoyenera. Ulemu umene anandiphunzitsa unali woti anthu oona asamve manyazi, ndipo mtengo wake ndinalipira ndine.

Nyimbo zija ndikadali nazo, zoyera bwino, zothera pa ameni ndi mipando. Za chipeso ndi juzi lofiira ndimazisunga m'mutu, ndipo mawu ake akunka nazilala chaka ndi chaka. Anthu amandiuza kuti ndimukhululukire, poti ankafuna zabwino. Mwina ankafunadi zabwino. Koma amayi anali asanamalize kulankhula.