Masiku Makumi Atatu a Bulazala Wailesi

Anzawo m'chipani cha ansembe ndi abulazala a Chikatolika ankawatcha a Wailesi chifukwa pakamwa pawo sipankazima. Anali bulazala wokonza magalimoto, ndipo ngakhale ali chagada kunsi kwa lole ankacheza ndi miyendo ya aliyense wodutsa.

Atatha zaka khumi ndi zisanu m'chipanimo, mkulu wawo anawaitana. "Yakwana nthawi ya chaka chotsiriza cha maphunziro, musanachite malumbiro a moyo wonse. Sipanala musiye konkuno."

Kunyumba ya maphunziroyo anapezako ansembe asanu, ena a imvi kale, onse atabwezedwa ku tsache ngati ongoyamba kumene. Kusesa sikunawavute a Wailesi. Chinawaopsa chinali m'bindikiro: masiku makumi atatu osayankhula, kupatula theka la ola m'mawa ndi wansembe wowatsogolera, nkhalamba yogontha khutu limodzi.

Tsiku lachisanu anadandaula. "Bambo, ndikati ndipemphere ndikungomva lamba wa galimoto yobweretsa buledi ija. Aduka ameneyo!"

"Musiyeni aduke," inatero nkhalambayo. "Inuyo m'chipani muno munadzatani?"

Funsolo a Wailesi anayenda nalo m'munda sabata yathunthu. Tsiku lina ali pabenchi ya m'tchalitchi anakumbukira malemu bambo awo, amene anawaika m'manda mothamanga, n'kubwerera ku galaja tsiku lomwelo. Analira mpaka kolala kunyowa. Atatuluka anamva thupi kupepuka, ndipo anadziwa kuti moyo umenewu akuufunadi, magalimoto akhalepo kapena ayi.

Lamba uja anadukadi, pageti penipeni. A Wailesi anaima pawindo manja ali m'thumba, dalaivala akumangirira ndi chingwe.

M'bindikiro utatha, onse patebulo anadikira chigumula cha mawu. A Wailesi anangoti, "Ndipatsireniko mchere." Ansembe anaseka mpaka kutsamwa. Koma pofika masana anali atamupeza dalaivala uja, akumulalikira za malamba.

Patsiku la malumbiro kunabwera mayi awo, atatsamira ndodo. Misa itatha anawagwira mkono.

"Mwanawe, ndiye sukuluyi yatha tsopano?"

"Yatha, amayi."

"Akupatsa udindo wanji?"

"Womwe uja. Lolemba ndikubwerera ku galaja."

Mayiwo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Chaka chonse! Komabe wanenepako. Tiye undionetse amene amakuphikira, ndikamuthokoze."