Dzanja la Wokonza Matayala

Madalaivala anawapatsa dzina loti a Gogoda chifukwa tayala sankaliyeza ndi geji. Ankangoligogoda ndi sipanala, n'kulidinikiza ndi chala chachikulu, basi adziwa ngati mpweya wakwana. Geji anali nayo, koma inachita dzimbiri pamsomali m'kashedi kawo, pamwamba pa beseni la madzi akuda loonera pamene chubu chabooka. Madalaivalawo ankawaseka kuti tsiku lina adzagogoda ndi apongozi awo omwe pofuna kuona ngati akhuta. Iwo ankangomwetulira, n'kumapaka guluu pachigamba.

Mzime wawo, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, anagundidwa ndi njinga yamoto pochokera kusukulu, n'kumenyetsa mutu pasimenti ya ngalande. Kuchipatala anamugoneka m'chipinda cha odwala mwakayakaya, paipi kukamwa, makina akumupumira.

Dokotala wake, mayi wachitsikana wolankhula motsitsa, anaitanira makolowo pakhonde. Anati ubongo ukavulala umatupa, koma chigaza sichitanuka, ndiye m'katimo mumapanikizika osaonekera kunja. Pachipatalapo panali kafukufuku: ankaboola kabowo pachigaza n'kulowetsa kawaya kowonda ngati ulusi, koonetsa pamakina mmene m'mutumo mwathinira. Ankafuna kudziwa ngati kawayako kamapulumutsadi ana. Sanabise kuti kukana n'kololedwa, ndi kuti mwanayo adzasamalidwa ndithu, pomuunika m'maso ndi tochi ndi kumujambula.

A Gogoda anabwerera pabedi. Anaika dzanja pamutu pa mwana wawo, n'kudinikiza pang'onopang'ono kuyambira pachipumi mpaka kunkhongo. Sanamve kuthina kulikonse. Ngakhale chotupa cha pamwamba pa khutu chinali chitayamba kuphwa. Anauza dokotala mwaulemu kuti moyo wawo wonse akhala akutseka mabowo, sangalole wina aboole mwana wawo kuti aphunzirirepo.

"Abambo ake, mwanayu si tayala," anatero akazi awo chapansipansi.

"Amayi ake, dzanja ili silinandinamizepo."

Dokotala anayesanso kufotokoza kuti fupa silimva chala, koma ataona kuti bamboyo wangozyolika, anathokoza n'kupita kwa wodwala wina.

M'mawa wina namwino anatukula chikope cha mwanayo, n'kupeza mboni ya diso limodzi itakula, yosasuntha ndi kuwala. Panachitika chipwirikiti. Anamuthira mankhwala ochotsa kutupa mudiripi, ndipo moyo anaupulumutsa. Koma kutupako kunayamba nthawi yanji, palibe anadziwa.

Mtsikanayo anatuluka m'chipatala akukoka mwendo wamanzere. Mawu amawafunafuna ngati munthu wofufuza machesi mumdima. Kusukulu anabwererako, koma masamu amene kale ankathandiza nawo akulu ake anamuthawa. Tsopano amakhala kushedi, kumapatsira bambo ake zigamba.

A Gogoda anapitanso kwa dokotala uja, chipewa chili m'manja, kukafunsa ngati kawayako kakanathandiza. Ankafuna awakalipire kapena awamasule. Dokotala anangoti sakudziwa, mwina kakanachenjeza msanga, mwina ayi, ndipo n'chifukwa chake akufufuza. Yankho limenelo a Gogoda analinyamula kupita nalo kunyumba, ndipo silinapepukepo. Akazi awo sanawanenepo ngakhale kamodzi. Amangoti akamuluka tsitsi mwanayo, amatseka chitseko.

Nthawi ndi nthawi a Gogoda amapita ndi mwanayo kuchipatala kukaphunzira kuyenda ndi kulankhula. Pabenchi yodikirira pamakhala ana ena a m'chipinda chomwe chija. Ena amathamanga, ena ali pa njinga ya olumala, ndipo bamboyo amalephera kudziletsa kuwayang'ana m'mutu, kuona amene ali ndi kachipsera ndi amene alibe. Sizimuuza kanthu, pakuti mbali zonse muli oyenda ndi osayenda.

Tsiku lina mwanayo anaona mnzake akuonetsa kachipsera kake monyadira. Anadzipapasa m'tsitsi nthawi yaitali.

"Ababa, changa chili kuti?"

"Ulibe, mwanangu. Ankafuna kukuboola, ine ndinakana."

Mtsikanayo anaganiza, milomo ikuyesayesa mawu.

"Zikomo, ababa. Zikanandiwawa."

Namwino atatchula dzina la mwanayo, a Gogoda anamugwira m'khwapa n'kumudzutsa, ndipo analowa naye pang'onopang'ono, akudikira mwendo wamanzere uja.