Lifiti ya Evelina ndi Simenti ya Bambo Ake

Evelina Bauleni ndi makaniko. Amakhala ku Area 9 m'nyumba yomwe anasiya malemu bambo ake, pamodzi ndi mayi ake, a Margret. Chaka chino wakwanitsa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Ndi wamtali ngati akazi onse akuchikazi kwake ku Mitundu, aja oti polowa m'nyumba za eni amayamba aweramitsa mutu. Alipo ena amati ntchito ya magalimoto anaiyamba chifukwa cholephera sukulu. Limenelo ndi bodza la anthu a njiru. Satifiketi yake ya Fomu 4 ili pakhoma pabalaza, wokayika apite akawerenge yekha.

Ntchitoyi anaiphunzira ku Old Town, pagaraja ya a Nasser, kuseri kwa mashopu a nsalu. Mkulu wa amakaniko pamenepo anali a Sumaila, bambo wa ku Mangochi, wamfupi, wosanena chinthu kawiri. Pagarajapo panali dzenje lolowamo pokonza kunsi kwa galimoto, ndipo analikumba kalekale poyeza msinkhu wa a Sumailawo. Iwo akalowamo ankaima chilili, chipewa osakhudza chitsulo. Evelina akalowamo ankapinda msana ngati wolima ndi khasu la mpini waufupi. Anapinda choncho zaka khumi ndi chimodzi. M'dzinja madzi ankadzaza pansi pa dzenjelo, iye n'kumagwira ntchito ataponda panjerwa, malo n'kuchepa kuposa kale.

Manja ake anadziwika. Misewu ya mu Lilongwe imadya miyendo ya galimoto, ndipo miyendoyo ndiyo inali ntchito yake yeniyeni: mashoko, mabushi, mabuleki. Ankangoyendetsa galimoto kuchoka pageti kukafika pamlatho n'kubwerera, basi wanena chomwe chikugogoda. Amayi ogwira ntchito ku Capital Hill ndi ku City Centre anayamba kuuzana za iye, chifukwa chitsulo chakale chomwe wachotsa ankachiika m'manja mwa mwini galimoto kuti adzionere.

Tsiku lina m'mawa analephera kumanga zingwe za nsapato. Dokotala atamuunika sanazungulire. Anati akapitiriza kuwerama m'dzenje, pofika zaka makumi anayi adzakhala akuyendera ndodo. A Nasser anamva chisoni, koma dzenje silikanatheka kulikumba kupitirira pamenepo poti pansi pake pamadutsa paipi ya madzi. Anamupatsa mpando mu sitolo, kuti azingotulutsa zitsulo kwa amakaniko anzake. Evelina anakhala pampandopo sabata imodzi, n'kutsanzika mwaulemu. Maganizo ake anali oti atsegule yake kunyumba, mu garaja ya bambo ake, koma osakumba dzenje. Ankafuna lifiti, makina aja okweza galimoto m'mwamba kuti munthu azigwira ntchito kunsi ataimirira. Popanda lifiti, ntchito ya manja ake inali itathera pomwepo.

Garaja imeneyi ili ndi mbiri yake. A Bauleni anali dalaivala m'boma, munthu wabwino, wosamwa, koma wokonda kuthira mchere nkhani. Anaimanga Evelina ali mu Sitandade 5, denga lalitali chifukwa ankalota zodzagula lole, yomwe sanaigule. Pansi anapaka utoto wofiira, ndipo a Margret ankapolisha Loweruka lililonse, munthu n'kumadziona nkhope. Mlendo aliyense wofika pakhomopo a Bauleni ankamutengera kugaraja, n'kuponda pansi ndi chidendene.

"Matumba makumi atatu a simenti ali apa," ankatero. "Ndege ikhoza kutera."

Atamwalira, mawuwo anawatenga a Margret. Ngakhale pamaliro, mng'ono wawo wa malemu, a Cornelius, anawatchula powerenga mbiri, pofuna kusonyeza kuti achimwene awo sankachita zinthu mwachinyengo.

Evelina anayeza garaja yonse: kutalika kwa denga, kukula kwa chitseko, mpata wa m'mbali. Analemba pakapepala n'kupita ku Old Town, kushopu ya zipangizo yomwe amayendetsa Iqra, mwana wamkazi wa a Nasser. Awiriwa anadziwana kalekale, Iqra akadabwera kugaraja ndi yunifomu ya sukulu.

Iqra anatsegula zithunzi pafoni. Yoyamba inali yaing'ono, yotambasuka ngati sizasi.

"Iyi imafika m'chiuno basi," anatero Iqra. "M'chiuno mwanga. Inu mwina m'mawondo."

"Pitirira."

Yachiwiri inali ya mizati inayi. Galimoto imakwera pazitsulo ziwiri zazitali n'kukwezedwa itaponda ndi matayala ake. Yachitatu inali ya mizati iwiri, yokhala ndi mikono yogwira galimoto pamimba, matayala onse anayi ali lende.

"Ndi imeneyo," anatero Evelina. "Ine ntchito yanga ndi miyendo. Tayala likhale lolendewera."

"Magetsi akathima galimoto ili m'mwamba?" anafunsa Iqra momuyesa.

"Ndimati ndikufunse iweyo."

"Ili ndi chogwirira, mumatsitsa ndi dzanja. Imalolanso magetsi a m'nyumba." Iqra anayang'ana kapepala kaja. "Denga lili bwino. Nanga pansi?"

"Pansi usadandaule. Ndege ikhoza kutera."

"Asisi, ndege sindigulitsa. Mizati iwiriyi imaima ndi mabawuti okha. Imafuna konkire yokhuthala masentimita khumi ndi asanu, kuposa apo ndi bwinonso. Ikachepa, bawuti imazuka ngati chinangwa cha pamchenga, ndipo kunsi kuli inuyo. Mwayeza?"

"Anathira ndi bambo anga."

"Sindinafunse wothira."

Zaka zonsezi Evelina anali akuuza eni magalimoto kuti kuwala kwa penti sikunena za injini, koma pansi pa garaja ya kwawo sanaganizepo zopakayikira. Kuyeza pamenepo kunali ngati kufunsa bambo ake kuti abweretse mboni.

"Kabowoleni muone," anatero Iqra, akumupatsa makina obowolera. "Mukabwere ndi fumbi lake. Popanda fumbi sindiitanitsa kanthu, ngakhale mukandinenere kwa adadi."

Evelina si munthu wochita zinthu mobisa. Atafika kunyumba anawauza mayi ake zonse.

"Ubowole chani?" anafunsa a Margret. "Ukufuna kuyesa mawu a munthu woti sangadziyankhire?"

"Mayi, ndi kabowo kolowa chala."

"Mwana wa a Nasser anaponda liti muno kuti adziwe za simenti yathu?"

"Sanapondemo. N'chifukwa chake akufunsa."

Anakangana masiku awiri. Lachiwiri m'mawa a Margret anatenga mpando n'kukhala pakhomo pa garaja, manja atapinda. Anati abowole iwo akuona, kuti nkhani ithe. Evelina anagwada pakona, kuseri kwa chitseko. Poyamba panatuluka fumbi lotuwa, la simenti. Chitsulo chobowolera chisanalowe ndi mulingo wa chala chopingasa, fumbi linasanduka lofiira. Kenako makina anangolowa okha, fwaa, ngati m'thumba la ufa.

"Limenelo ndi fumbi la polishi," anatero a Margret.

"Polishi salowa mpaka uko, mayi. Ndi njerwa."

"Pakona anthu sathira yambiri. Bowola pakati."

Anabowola pakati. Anabowolanso pafupi ndi khoma lakumbuyo. Monsemo zinali chimodzimodzi: zidutswa za njerwa ndi mchenga, pamwamba kasimenti kopyapyala ngati chikhokho cha mumphika. A Margret ananyamula mpando wawo n'kulowa m'nyumba. Tsiku limenelo sanaphike ndiwo, anangomwa tiyi.

Evelina anapititsa fumbi lija ku Old Town m'kapepala ka shuga. Iqra sanaseke. Anati njira zilipo ziwiri. Aswe pansipo n'kuthira konkire yeniyeni, kapena atenge ya mizati inayi, yomwe kulemera kwake kumagawikana, aiike pamapuleti achitsulo, pansi posasweka. A Margret atamva za njira yachiwiriyi nkhope inamasuka.

"Si imeneyo nanga? Lifiti ndi lifiti. Galimoto ikakwera yakwera."

Evelina anakwera minibasi kupita ku Kanengo, komwe anamva kuti garaja ina ili ndi ya mizati inayi. Anaima pambali ola lathunthu. Makaniko wa kumeneko pofuna kuchotsa tayala anayamba waikanso jeke pamwamba pa lifitiyo, kenako n'kumapinda thupi kuzungulira chitsulo chopondapo galimoto kuti afikire shoko. Kuthira oyilo inali yabwino. Kwa ntchito ya Evelina, kunali kusamutsa dzenje lomwe lija kuliika m'mwamba.

Madzulo ake anawafotokozera mayi ake zomwe anaona. Sanakweze mawu.

"Ya inayi sindigula, mayi. Nyumba ndi yanu, garaja ndi ya bambo. Mukati isasweke, siisweka. Ndibwerera kwa a Nasser ndikakhale pampando."

"Pampando pali vuto lanji? Anzako amapempherera mpando."

"Palibe vuto. Ndikakhala."

Anatero n'kupita kukasamba m'manja pampopi wa panja. Mpopiwo ndi waufupi, ndipo Evelina anali atasiya kale kuwerama; ankagwada mawondo onse awiri pasimenti, ngati wolandira mgonero, msana uli njo. A Margret anali atamuona akutero kambirimbiri. Tsiku limenelo anaima pazenera mpaka Evelina anamaliza.

M'mawa mwake a Margret ananena mfundo zawo. Pansi paswedwe, koma geti ikhale yotseka. Oswa asakhale aganyu a m'tauni, omwe pofika madzulo nkhani ili pamsika; abwere ana a achimwene awo a ku Mitundu, amagazi amodzi. Zidutswa za njerwa zisatuluke pageti, zikakwiriridwe kumunda kuseri kwa nyumba. Ndipo a Cornelius asaone ngakhale chidutswa chimodzi.

Anabwera amuna anayi ndi mapiki. Ntchito yomwe ankati itenga sabata inatha tsiku limodzi ndi theka, poti simentiyo inkangosweka ngati chigoba cha dzira. Kunsi kunatuluka njerwa zoduka, mabotolo osweka, mpaka limu ya njinga. A Margret ankatola okha n'kumaika m'matumba. Atafika pa limu ija anaigwira, anaitembenuza, n'kuseka kamodzi.

"Bambo ako," anatero. Kenako anapukuta m'maso ndi chitenje. "Koma matumba makumi atatu anagula ndithu. Ndinawaona ndi maso angawa, ataunjikidwa pakhonde."

Kuti matumbawo anapita kuti, palibe akudziwa. Kumudzi kwawo kwa a Bauleni kuli chiliza cha mayi awo, chachikulu kuposa zonse pamandapo, ndipo chinamangidwa chaka chomwecho. Apabanja amangoonana m'maso nkhaniyi ikatchulidwa. Wakunja sakuloledwa kuikapo mlomo.

Anakumba mpaka kufika dothi lolimba, anayala zitsulo, n'kuthira konkire ya miyala ya kwale ndi mchenga wa kumtsinje. Evelina anaima pomwepo posakaniza, tepi m'manja, ndipo anapitirira muyeso wa Iqra ndi masentimita khumi. Kenako kunali kudikira masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu, konkire itafunditsidwa ziguduli, kuithirira m'mawa ndi madzulo ngati mbewu za padimba.

Mkati mwa masiku amenewo a Cornelius anatulukira, atachokera kutchalitchi. Anasuzumira mu garaja n'kugwira pakamwa.

"Alamu, mwaswa simenti ya achimwene?"

"Taswa," anatero a Margret. "Makina a mwanayu amafuna zitsulo pansi. Kale kunalibe zimenezo."

"Koma inasweka bwanji imene ija?"

"Amuna anayi, alamu. Piki ina mpaka inathyoka."

Piki inathyokadi, ngakhale kuti mpini wake unali wofumbwa kuchokera ku Mitundu. A Cornelius anapukusa mutu mokhutira, anamwa tiyi, n'kumapita.

Lifiti inafika mwezi wotsatira, mizati iwiri yobiriwira. Amisiri a Iqra anabowola konkire yatsopano, fumbi lili lotuwa mpaka pansi, n'kumanga mabawuti. Galimoto yoyamba kukwera inali ya mayi wina wa ku Area 11, kasitomala wakale wa ku Old Town. Itafika m'mwamba, Evelina anatenga sipanala kuti alowe kunsi, koma a Margret anamugwira ovolosi.

"Ikhale kaye. Ndione."

Galimoto inalendewera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo. Mwini wake anachita kuitanitsa takisi. A Margret ankazungulira mizati, kuwerama, kuyang'ana bawuti iliyonse ngati pali mng'alu. Itakwana nthawi ya nkhomaliro anati, "Lowa," iwo n'kupita kukhitchini. Evelina analowa, ndipo shoko yakumanzere anaimasula ataimirira.

Msana sunachire. Dokotala akuti chomwe chinawonongeka sichibwerera, koma sichikuwonjezekanso. Mwezi wa Juni kukazizira amamanga nsalu m'chiuno mkati mwa ovolosi. Amatsegula geti seveni koloko, amatseka folo, ndipo salandira galimoto zopitirira zitatu patsiku ngakhale mwini wake akhale ndani. Malole ndi maminibasi amawakana, akuti lifitiyo ili ndi malire ake ndipo iye sakangana ndi chitsulo.

Makasitomala atsopano, makamaka abambo, amafikabe pakhonde n'kufunsa kuti amakaniko ali kuti. A Margret amangoloza ndi mlomo kugaraja, n'kupitiriza kusankha nyemba.