Tayala Lomwe Linatsala ku Songani

Kodi tikamati galimoto ili ndi mphamvu, timatanthauza mphamvu yochitira chiyani? Funsoli landikhala pamtima kuyambira Lachiwiri, ndipo yankho lomwe ndili nalo silingatonthoze aliyense.

Msuweni wanga Layitoni wabwerako ku Joni mwezi wathawu ndi pikiapu yoyera. Kwathu kwa Mwambo, m'midzi yoyandikana ndi sikimu ya mpunga ya Likangala, galimoto yogona pamudzi ndi yokhayi. Anabweranso ndi kabokosi kakuda, kofanana kukula ndi sopo wosambira. Amakamata pagalasi lakutsogolo, chingwe chake n'kulowetsa poyatsira fodya. Ukakauza kulemera kwa galimoto n'kuponda mafuta, kamamva kukankha kuja komwe munthu amamva kumsana galimoto ikamanyamuka. Pamenepo kamawerengera zinthu ziwiri: masekondi omwe galimoto yatenga kuchokera poima kufika liwiro la makilomita zana pa ola, ndi mphamvu ya injini, yomwe amakaniko amati hosipawa, poiyerekeza ndi mphamvu ya akavalo.

Kabokosika sikanama, ndipo sindikukaimba mlandu. Chomwe kamafuna ndi msewu wosalala, woongoka, wopanda chitunda. Msewu wotere kwathu kulibe, choncho Loweruka tinapita ku Songani, pamsewu wa tala wopita ku Liwonde.

Layitoni atayesa koyamba, nambala sinamukondweretse.

"Asuweni, mabuku ali m'mutu mwanumo akulemera," anatero. "Tatsikani!"

Ndinatsika. Anayesanso, koma sanakhutire. Kenako anatsitsa zonse zomwe zinali kumbuyo: tayala la sipeya, jeke, sipanala ndi chingwe chokokera. Anazisungitsa m'golosale ya mnzake.

"Mukuivula kuti ikasambe?" anafunsa mayi wina wogulitsa tomato.

"Mayi, munaona wothamanga atavala jekete?"

Atayesa kachitatu, nthawi inatsika ndi kachidutswa kosakwana sekondi imodzi. Anthu omwe anaunjikana anaimba malikhweru. Dziwani ichi: injini sinawonjezere mphamvu ngakhale pang'ono. Chomwe chinachepa ndi katundu yemwe inkakoka. Pobwerera tinapeza golosale ija yotseka, mwini wake atathamangira kumaliro. Layitoni anati katunduyo adzatenga m'kati mwa sabata.

Pofika Lamulungu, anthu potuluka m'tchalitchi ankauzana kuti galimoto ya Layitoni yayesedwa ndi makina, ndipo ikhoza kufika ku Zomba munthu asanamalize kusenda chinangwa.

Lachiwiri m'mawa, Esinati, mtsikana wa m'mudzi mwathu yemwe anali ndi pakati pake poyamba, anayamba matenda. Azamba atamuona anati mwana wagona mopingasa, apite naye kuchipatala chachikulu kutauni msangamsanga. Zikatere, kwathu timadziwa chochita. Amuna amamanga machira ndi nsungwi ziwiri ndi bulangete, n'kumalandizana wodwala mpaka pamsewu waukulu wafumbi, pomwe pamadutsa matola ochokera kunyanja. Tsikulo amunawo anali atafika kale, machira atamangidwa. Koma amayi ake a Esinati, Anambewe, anawaletsa.

"Tulani, ana anga. Muthyokerenji misana? Ya akavalo ija ilipo. Pitani mukawoke mpunga wanu, madzi sadikira."

Amuna aja anabwerera kusikimu. Kodi pali amene angawadzudzule Anambewe? Anasankha chomwe mudzi wonse unkachitama.

Layitoni sanachedwe ndipo sanalipiritse. Ine ndinakwera nawo chifukwa ndinali pa ulendo wobwerera kuntchito. Mvula yomwe ikubwezeretsa madzi m'nyanja ya Chilwa, itauma chaka chija, ndi yomweyonso yasefukira m'madambo. Titafika pakati pa dambo, kutali ndi mudzi, kutalinso ndi msewu waukulu, chitsa chobisala m'madzi chinang'amba tayala lakutsogolo. Layitoni anayesa kuikakamiza choncho, koma chitsulo cha gudumu chinadula matope n'kumira.

"Sinthani tayala, bambo," anatero Anambewe ali kumbuyo, atagoneka mutu wa mwana wawo pamiyendo.

Layitoni anangoyang'ana chiwongolero.

"Lili ku Songani, amayi."

"Ku Songani likutani?"

Pagalasi paja kabokosi kankathwanimabe, kudikira kuti galimoto inyamuke.

Ndinabwerera wapansi kukaitana amuna aja m'minda. Mmene ankatuluka m'matope, kukatenga machira kumudzi n'kudzafika padambo, dzuwa linali litapendeka. Pamsewu waukulu tinapeza matola a m'mawa atadutsa kale. Lole ya nsomba yomwe inatitenga inatifikitsa kuchipatala dzuwa likulowa. Esinati anamuchita opareshoni. Mwana anatuluka atafa.

N'chapafupi kunena kuti Layitoni ndi wachibwana, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine sindikufuna ithere pomwepo, chifukwa chomwe anachita pa Songani ndimachiona m'maofesi sabata iliyonse, chikuchitidwa ndi anthu ovala mataye.

Chinthu chikayamba kuyesedwa, timayamba kutumikira muyesowo. Sukulu imaletsa ana ofooka kulemba mayeso kuti chiwerengero cha okhoza chioneke bwino. Mijigo imawerengedwa tsiku loikumba, osati mwezi wa Okutobala pomwe amayi amapukusa n'kutuluka mpweya wokhawokha. Kodi kumeneku si kutsitsa tayala la sipeya? Chomwe chimatsitsidwa nthawi zonse ndi chija chosaoneka ntchito yake patsiku labwino. Jeke sawonjezera liwiro. Chingwe chokokera sichiimbiridwa malikhweru. Koma chakudza sichiimba ng'oma.

Palinso china chomwe chikundiopsa kuposa ichi. Nambala yoyesedwa pa tala, galimoto ilibe kanthu, inayenda mpaka kumudzi n'kukatulitsa machira pamapewa a anthu. Machira ndi ochedwa, ndi opweteka, ndipo palibe amene ayenera kuwayamikira m'zaka zino. Koma akanyamuka amafika. Tinasiya chinthu chochedwa chomwe tinkachidziwa malire ake, n'kudalira chinthu chofulumira chomwe chinayesedwa pamsewu womwe si wathu.

Masiku ano magalimoto akulowa ambiri kuchokera kunja, ndipo aliyense wogula amafunsa za injini. Ndani amafunsa kuti galimotoyo itenga nthawi yotani kuchokera pakhomo la azamba kufika pakhomo la dokotala, mwezi wa Januwale, itanyamula mayi wodwala ndi omudikirira? Kabokosi koyesa zimenezo sindinakaone.

Khandalo analiika amayi okhaokha, popanda kulira mokweza, monga mwa mwambo wathu. Dzulo ndinakamuona Esinati. Akadali m'chipatala, ndipo sakulankhula ndi munthu. Layitoni amakhala panja pa wodi, pansi pa mtengo, osalowa, osachokanso. Pikiapu anaikoka ndi ng'ombe, ili kuseri kwa nyumba pamatayala atatu.

Ndinafunsa namwino ngati mwanayo akanakhala ndi moyo tikanafika m'mawa. Anandiuza kuti mwina, mwinanso ayi, palibe angadziwe. Anambewe, omwe anaima pambali panga, anamva yankholo. Kuyambira pamenepo akhala akufunsa funso lomwelo kwa namwino aliyense wolowa m'wodimo.