Kameta wa Amayi Sanafe ndi Chisanu

Mpaka lero ndimapsa mtima munthu akanena kuti nkhuku za kameta zinatha kwathu chifukwa zinali zofooka. Zofooka pati? Ine ndinalipo.

Mbali yonse ya kwathu ku Nsaru, amayi okha ndiwo anatsala nazo: misoti isanu ndi tambala mmodzi, zonse za khosi lopanda nthenga. Anthu ankaziseka, ati zonyansa. Koma chaka chija tinayamba kuvotera zipani zambiri, chitopa chinasesa makola a anzathu, za amayi zikungopalasa kuseri kwa nkhokwe osatsokomola n'komwe.

Chimene chinazimaliza ndi mtedza. Mmawa wina amayi anayanika mtedza pabwalo, natsekera misoti ija m'khola kuti isajomphe. Tambala anawazemba. Masana omwewo agogo aamuna anamwalira mwadzidzidzi, ndipo za khola zinaiwalika. Kutacha, ofuna ndiwo za adzukulu okumba manda anaona nkhuku zotsala za ena zili balala kutchire, izi zili phee m'khola. Ndani akanavutika kuthamangitsa? Zonse zisanu zinaphedwa, amayi ali m'nyumba ya siwa akulira, osafunsidwa.

Patatha mwezi, malume anga, mphunzitsi wopuma wa ku Kasiya, anabwera kudzacheza. Mlendo wotere sadyera masamba. Amayi anayang'ana tambala uja nthawi yaitali, kenaka anandipatsa mpeni.

Ndiye tangoganizani, zaka zitapita, tili pa chinkhoswe, malume omwewo akuphunzitsa anthu ngati ali m'kalasi.

"Chofooka chimatha chokha," anatero. "Onani kameta uja. Khosi lili pamtunda, akanapirira bwanji chisanu cha Juni?"

Amayi anawerama. "Kapena n'zoona, achimwene."

Apo magazi anga anawira. Nkhuku zopulumuka chitopa, lero zinamiziridwe kufooka, mwiniwake n'kuvomera?

"Malume, kodi chisanu chake chiti?" ndinafunsa. "Misoti inathera pamaliro. Tambala womaliza munadya ndinu, mpaka nthutumba munapempha."

Anthu anaseka, ena anandidzudzula kuti ndachita mwano. Sindinapepese, ndipo sindidzapepesa.

Pobwerera, ine ndi amayi tinafika pamjigo. Ndinkadikira kukalipiridwa.

"Ukanangowasiya," anatero motsitsa. "Sikuti ndinakhulupirira za chisanuzo. Kungoti n'zopepuka kusenza kusiyana ndi kukumbukira kuti khola lija ndinatseka ndine."