Oyilo wa Mkamwini

Achimwene anga, a Shigeo Kuwabara, anakonza mabasi zaka makumi anayi, koma atapuma pantchito kupumako kunawakanika. Mpunga ankadya ali chiimire. Mlamu wanga atamwalira zinafika poipa. Anakankhira m'galaja kalole kakale komwe mayiyo ankagulitsira tofu, chakudya chopangidwa ndi soya, n'kuphwasula injini yonse mpaka kabawuti komaliza.

Mwana wawo Norie, yemwe anakwatiwa kutali, mumzinda wa Sendai, sizinamusangalatse. Nkhalamba yokhala yokha, chisanu chonsecho, tsiku lonse ili chagada pansi pa galimoto? Anapangana chimodzi. Injiniyo ikayenda, bambo atsala pakhomo pawo. Ikakanika, kalole kapita kwa ogula zitsulo, iwo asamukira ku Sendai.

Ine ndimakhala nyumba yachitatu kuchokera kwawo, ndiye za oyilo ndinazimva mpaka makutu kuwawa. Akuti injini yomangidwa kumene siifuna kunyengerera. Zitsulo zake ziyenera kukhulana pang'ono kuti zizolowerane, choncho imafuna oyilo wamba wachikale wokhala ndi mankhwala ake oteteza, osati wamakono woterera uja. Ikangolira uipatse moto mphindi makumi awiri osalekeza, pakuti moyo wake wonse uli pa mphindi zimenezo. Kusankha chigubu chimodzi kunawatengera milungu itatu.

Sabata yomaliza ankangoti alowe, atuluke, ngati nkhuku yofuna kuikira. Anayenda khomo ndi khomo kugawa timatawulo, kupepeseratu phokoso. Kwanga anabwera kawiri, ataiwala kuti andipatsa kale.

Tsiku loliza injiniyo, Norie anafika ndi mwamuna wake Takehiko, munthu wa muofesi, wofatsa, amene zaka khumi ndi ziwiri sanapezepo chocheza ndi apongozi ake. Anatulutsa mphatso yokulunga m'nsalu, n'kuipereka ndi manja awiri atawerama.

"Bambo, n'kanthu kachabe. Koma akuti woposa ameneyu kulibe."

Chinali chigubu cha oyilo wamakono uja. Norie anawonjeza monyadira kuti mwamuna wake anapempha tchuthi n'kuzungulira masitolo atatu. Ndinaona khosi la achimwene likufiira. Ndinawakokera kuseri kwa kalole.

"Achimwene, muuzeni. Pakamwa akusokani?"

"Khala chete, Fumie. Munthu wasiya ntchito yake chifukwa cha ine."

Kuzemba anayesa, sindiwanamizira. Anati timwe kaye tiyi. Anati kunjaku kwachita chinyezi, mwina tidikire sabata yamawa. Koma Takehiko anali atavula kale jekete, fanulo ili m'manja, akupempha mwaulemu kuti athire yekha. Aka kanali koyamba kupempha kanthu pakhomopo. Achimwene anayang'ana chigubu chawo pashelefu, kenako anatsegula pothirira. Manyazi anapha lambe, ndipo ine ndinaima pomwepo n'kumaonerera.

Injini inalira kamodzi n'kamodzi. Mphindi makumi awiri zija achimwene anazungulira kalole mwina kakhumi, khutu ali tcheru, thukuta lili kamukamu. Ena tonse tinaomba m'manja. Alendo atangokwera sitima, achimwene anathamangira kukakhuthula oyiloyo n'kuthira wawo.

Tsiku lachitatu, akutsika phiri la ku Narushima, mkati munayamba kugogoda. Anandiitana kuti ndiwagwirire beseni. Oyilo anatuluka akunyezimira ndi tizidutswa ta chitsulo. Chitsulo chotsegula mavavu chinali chitadyeka, ndipo cha mtundu umenewo anachifunafuna chaka chathunthu asanachipeze. China kulibenso.

Ndinapsa mtima. Ndinati ndiimba ku Sendai pompano, adziwe chomwe mphatso yawo yachita. Anandilanda foni.

"Ukangomuuza mkamwiniyo, ine ndi iwe basi. Ndikukadya mpunga wa m'nyumba mwake, azikandiyang'ana bwanji?"

Anaimba okha. Ndinawamva akuuza Norie, kwinaku akudziseka, kuti manja akalamba, penapake anamanga molakwa. Atadula anandituma makatoni olongedzera katundu. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinkafuna kuwagenda ndi sipanala.

Mmawa wake anandipatsa kakhadi koti ndikaponye ku positi, kopita kwa Takehiko. Sikanali mu envulopu, ndiye ndinawerenga ndili panjira. Ankamuthokoza chifukwa chodzivutitsa, n'kunena kuti chiyambireni ntchito yawo sanagwirepo oyilo wabwino ngati ameneyo. Ndinaima pa bokosilo nthawi yaitali, kenako ndinakaponya.